Phwando la Kapitao Nakhumwa

Hotela ya Dona Winta inali pakamtunda, tsidya la kummawa kwa Shire, kufupi ndi pantoni ya Liwonde. Azungu a ku Zomba ndi ku Limbe ankabwera kudzapumako kumapeto kwa sabata. Ena ankadzasaka nyama, ena ankangokhala pakhonde tsiku lonse, tambula m'manja, kuonerera mvuu. Munthu wakuda ankaponda pakhondepo pokhapokha atavala malaya oyera a hotela ndi lamba wofiira m'chiuno.

Kumapeto kwa khondelo kunali chipinda chodyera chapadera, chimene antchito ankachitcha Chipinda Chofiira chifukwa cha makatani ake. Munali tebulo limodzi la mbawa, mipando isanu ndi itatu, ndi kabati yagalasi yosungiramo mbale za mzere wagolide m'mphepete. Chipindacho chinkatsegulidwa pakakhala chochitika chachikulu, monga bwana wa boma akamatsanzika kubwerera kwawo, kaya mzungu wachinyamata akamaveka mphete bwenzi lake. Woperekera zakudya mmenemo anali mmodzi yekha, Japhet Makwinja, mkulu wa onse operekera zakudya pahotelapo. Anali munthu wamtali, wosakonda kuyankhula, ndipo Chingerezi ankachidziwa bwino chifukwa anaphunzira kumishoni, kenako anagwirapo ntchito m'nyumba ya mzungu ku Zomba ali mnyamata.

Lachinayi lina mu Ogasiti, chaka cha 1952, Dona Winta anamuitanira ku ofesi. Anamuuza kuti Lamulungu masana Chipinda Chofiira chatengedwa ndi Bwana Bulaketi, mwini esiteti ya fodya ya kuseri kwa Balaka. Akhalamo anthu asanu: Bulaketi yemweyo, azungu ena awiri, ndi anthu akuda awiri, kapitao wa pa esiteti ndi mkazi wake. Kapitaoyo wakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu pantchito, ndiye bwana wake akufuna kumuthokoza.

Donayo sanabise kuti nkhaniyi yamunyansa. Anati anakana kawiri, koma Bulaketi ndi munthu wobweretsa alendo ambiri, sakanatha kumukaniza kachitatu. Ndiye anaika malamulo ake. Awiriwo adzalowere kuseri, kudzera kukhitchini. Makatani a mbali ya khonde atsekedwe. Asadzaonekere pakhonde ngakhale kamodzi. Mbale zagolide zikhale za azungu atatuwo, iwowo apatsidwe zoyera zakale zija, ndipo akatha kudya zikatsukidwe pazokha ndi madzi owira.

Japhet anamvetsera zonse manja ali kumbuyo. Donayo atamaliza, iye anafunsa dzina la kapitaoyo. Dona anayang'ana papepala n'kunena kuti ndi Hilary Nakhumwa.

Japhet anatuluka, n'kukaima kuseri kwa sitolo ya nkhuni kwa kanthawi ndithu.

Hilary Nakhumwa anali mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake Modester. Onse anakulira pa esiteti ya Bulaketi, pomwe makolo awo anafikira atachoka kwa Apwitikizi. Malo anali a mzungu, ndiye aliyense wokhalapo ankayenera kugwira thangata, makamaka nthawi ya dzinja, nthawi yomweyo imene munda wa munthu ukufuna khasu. Japhet atabwerako ku Zomba anamanga nyumba pafupi ndi ya mayi ake, n'kukwatira Bernadetta. Chaka cha 1948 anakana kupita kuthangata masabata atatu chifukwa chimanga chake chinali kumira m'udzu. Bulaketi analamula kuti achoke. Amene anabwera kudzaonetsetsa kuti wachokadi anali Hilary, ali ndi amuna asanu ndi mmodzi. Anasasula denga mvula ikugwa, n'kuzula chimanga chimene chinali chitayamba kumasula ngayaye. Mayi ake a Japhet anagwada m'matope kumuchonderera mkamwini wawoyo, iye n'kunena kuti ntchito ndi ntchito.

Mayiwo anakana kutsala. Ananyamuka limodzi ndi Japhet, Bernadetta ndi kamtsikana kawo Anastasia, n'kukapempha malo ku Ulongwe. Anafika opanda nkhokwe, ndipo chaka chotsatira mvula inadula, kunagwa njala ija ya fote naini. Anastasia anamwalira ali ndi zaka zinayi. Patatha miyezi iwiri anatsatira agogo ake. Japhet atakwirira awiriwo ndi pamene anapita kukafuna ntchito kuhotela. Modester anatsala pa esiteti ndi mwamuna wake m'nyumba ya njerwa, ndipo kuyambira tsiku la denga lija Japhet anali asanaonane naye.

Khukhi wa pahotelapo, Bakari, Myao wa kwa Kawinga, ankaidziwa nkhaniyi. Atamva za Lamulungu anamuuza Japhet kuti anamizire kudwala, ntchitoyo aigwire Enock, womutsatira pa operekera zakudya. Japhet anakana. Anati wadikira zaka zinayi kuti amuone munthuyo, sangathawe tsopano. Bakari anamuyang'ana nthawi yaitali, uku akunola mpeni.

"Achimwene," anatero, "zanu ndi alamu anu n'zanu. Koma chakudya chimene chatuluka m'manja mwanga chikafike patebulo mmene chatulukira. Mwamva?"

Japhet anati iye si mfiti.

Lamulungu azungu atatu aja anafika pa galimoto nthawi ya khumi ndi imodzi, n'kukakhala pakhonde kuitanitsa mowa. Hilary ndi Modester anafika pambuyo, pa lole ya esiteti imene inkapitirira ku Zomba. Hilary anali atanenepa kusiyana ndi kale. Anavala suti yotuwa, chipewa, ndi nsapato zakuda zimene zinkaoneka kuti zikumuluma. Modester anavala delesi yatsopano yamaluwa ndi duku loyera. Analunjika kumasitepe a kutsogolo, mlonda n'kuwatsekereza ndi chibonga chake. Hilary anayamba kukweza mawu kuti waitanidwa ndi Bwana Bulaketi mwini wake. Apa ndi pamene Japhet anatulukira pakona ya nyumba.

Modester anamuzindikira msanga. Anagwira pakamwa, kenako anapinda mawondo n'kupereka moni. Japhet anayankha ngati akuyankha mlendo. Hilary anaima chilili, chipewa chili kumutu.

"Khomo lanu lili kuno, alamu," anatero Japhet.

Hilary anati iye salowera kuseri, ndi mlendo wa bwana. Japhet anamuuza kuti akhoza kukafunsa bwanayo, ali apo pakhonde. Hilary anayang'ana komweko. Bulaketi anawaona, anakweza tambula pang'ono, n'kutembenukira kwa anzake. Palibe amene anadzuka.

Panali njira yaifupi yolowera kukhitchini, koma Japhet anawazungulitsa njira yaitali. Anadutsa pa migolo ya zinyalala, pamalo ophera nkhuku pomwe nthenga zinali mbwee, ndi pa ngalande ya madzi otsukira mbale. Hilary anaponda m'matope n'kutukwana chapansipansi. M'khitchini antchito anasiya zimene ankachita n'kumawayang'ana. Bakari yekha ndi amene anapereka moni kwa Modester.

M'Chipinda Chofiira munali mdima pang'ono chifukwa cha makatani otseka, komanso munkatentha. Japhet anawaonetsa mipando yawo, kumapeto kwa tebulo, msana kukhonde. Azungu aja sanafulumire. Panapita pafupifupi ola lathunthu alendo awiriwo ali okha ndi Japhet, iye ataimirira pafupi ndi kabati, thaulo padzanja. Hilary ankayang'ana mipeni ndi mafoloko zimene zinandandalikidwa mbali zonse za mbale yake. Modester anayesa kuyankhula. Anafunsa za Bernadetta, Japhet n'kuyankha kuti ali moyo. Anafunsa chifukwa chimene uthenga wa maliro a mayi unamupeza patapita mwezi, kudzera kwa munthu wogulitsa nsomba. Japhet anati iye sanatume munthu aliyense, ndiye wansombayo anangochita chifundo chake.

Azungu atalowa, Hilary anadzuka msangamsanga mpaka mpando unalira pansi. Bulaketi, mkulu wofiira nkhope wa ndevu zoyera, anamumenya paphewa n'kumuonetsa kwa anzake. Mmodzi anali mlendo wochokera ku Mangalande, woimira kampani ina, wamagalasi, woyankhula mofatsa. Winayo anali wachinyamata, wa makutu otentha ndi dzuwa, amene anatchulidwa kuti ndi manijala watsopano. Hilary anagwira dzanja la aliyense ndi manja awiri.

Japhet anabweretsa supu. Anayambira azungu, monga mwa lamulo la Dona. Atafika pa Hilary anawerama mwaulemu, nkhope ili bwinobwino, n'kuthira supuyo m'mbale yoyera yokhala ndi kamng'alu m'mphepete. Hilary anayang'ana mbale yake, anayang'ana ya manijala, ndipo Japhet anaona kuti waona.

"Imwani, alamu," anatero chapansipansi m'Chinyanja. "Kuno sitizula chakudya cha munthu."

Hilary anamwetulira kwa mlendo wamagalasi uja, amene ankamuyang'ana, n'kuyankha osasuntha milomo kwenikweni kuti galu wa mzungu amauwa bwino akakhala pakhomo pa mbuye wake. Japhet anati n'zoona, ndipo agalu ena amapatsidwa suti.

Zinapitirira choncho mbale ndi mbale. Pa chambo chokazinga Japhet anamuuza kuti asamale ndi minga, kuhotela kulibe manda a anthu akuda. Pa nyama ya nkhosa Hilary anati munthu waulesi nthawi zonse amanamizira kapitao. Onse awiri ankayankhula mofatsa, mwaulemu, moti mlendo wamagalasi anauza Bulaketi kuti n'zosangalatsa kuona mmene anthu a kuno amalemekezerana. Bulaketi ankamva Chinyanja cha kumunda chokha, cholamulira ndi chokalipira, ndipo anali atamwa kale mokwanira. Modester sanadye. Anadula nsomba yake tizidutswa n'kumatisuntha ndi foloko, maso ali pansi.

Atatha kudya pudini, Bulaketi anagogoda tambula ndi supuni. Anati Chinyanja chake n'chosakwanira pa mawu aakulu, ndiye anamukodola Japhet kuti aime pakati n'kumamasulira. Japhet anaika thireyi ya makapu a khofi pakabati n'kuima pomwe anauzidwa.

Anayamba ndi Bulaketi. Anati Hilary ndi munthu wokhulupirika kuposa wina aliyense amene anagwirapo naye ntchito, munthu amene sanabwezepo mawu, amene ankachita zimene wauzidwa ngakhale zitavuta bwanji. Japhet anamasulira zonsezo mosasintha liwu, ngati akuwerenga chidziwitso cha boma. Kenako Bulaketi anatulutsa kabokosi m'thumba. Munali wotchi ya tcheni, yolembedwa dzina kumbuyo. Hilary anailandira ataimirira, n'kuthokoza katatu. Anayang'ana Japhet mwachidule, monga kunena kuti waona.

Kenako anaimirira mlendo wamagalasi. Anayankhula pang'onopang'ono kuti womasulira asavutike. Anati Bwana Bulaketi wakalamba, akubwerera kwawo, ndipo esiteti yagulidwa ndi kampani. Japhet anamasulira. Nkhope ya Hilary inasintha pang'ono, chifukwa izi anali asanazimve. Mlendoyo anapitiriza kuti kampani ili ndi kayendetsedwe kake, imafuna kapitao wodziwa kulemba ndi kuwerenga Chingerezi, ndipo yapeza kale mnyamata wa ku Blantyre. Choncho bambo Nakhumwa, amene agwira ntchito mokwanira, apume kuyambira kumapeto kwa mwezi uno. Nyumba ya njerwa idzafunika pofika kumapeto kwa Sepitembala.

Japhet sanamasulire nthawi yomweyo. Anayang'ana mlamu wake, amene anali chiimire, wotchi m'manja, kudikira mawu ena okoma.

"Akuti ntchito yatha," anatero. "Apeza wina wodziwa kulemba. Nyumba muchokemo mwezi wamawa usanathe. Koma inu muli ndi mwayi, akuti denga sakusasulirani. Mungotuluka nokha."

Hilary anaseka pang'ono. Anauza Modester kuti mlongo wakeyu ndi wabodza kuyambira kale. Kenako anatembenukira kwa Bulaketi n'kufunsa m'Chinyanja chosavuta, chimene mzunguyo akanamva, ngati n'zoona kuti ntchito yatha. Bulaketi anayang'ana m'tambula mwake.

"Pepani, Hilale," anatero. "Kampani. Ine ayi."

Hilary anakhala pansi. Anaika wotchi patebulo. Patapita kanthawi anayamba kuyankhula, osayang'ana munthu. Anati iye anafika pa esitetiyo ali pamsana pa mayi ake. Makolo ake onse ali m'manda a pomwepo. Kwa Apwitikizi sakudziwako aliyense. M'midzi yonse yozungulira esiteti mulibe mudzi umene mulibe munthu amene iye anamugwetserapo nyumba, ndiye apite kuti? Japhet anamasulira izi m'Chingerezi, mawu ndi mawu, osasiya kanthu. Mlendo wamagalasi anavula magalasi n'kumawapukuta. Manijala wachinyamata uja ndi amene anayankha. Anati iye wamva kuti kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndiye vuto palibe, mayiwa ayenera kuti ali ndi kwawo.

Japhet anamasulira. Modester anakweza mutu kwa nthawi yoyamba n'kuyang'ana mlongo wake.

Akanatha kulekera pomwepo. Ntchito yake inali itatha, khofi anali kuzizira pakabati. Iye mwini pambuyo pake ankanena kuti anadziwa kuti ayenera kutseka pakamwa, koma pakamwa panakana. Anatenga thireyi ya makapu, anafika pambali pa Hilary, n'kuwerama monga ankachitira masana onsewo.

"Kwawo kwa mayiwa ndi kwa ine, alamu. Mubwere. Kuli manda awiri ofunika kulambula, ena aakulu ena aang'ono. Ntchito ndi ntchito."

Hilary anadzuka n'kumumenya chibakera pakamwa. Thireyi inauluka, makapu agolide n'kusweka pansi, khofi n'kuthira thalauza la mlendo wamagalasi. Japhet anagwera pakabati, galasi lake n'kuphwanyika, koma anadzuka n'kumugwira Hilary pakhosi. Anagwetsana patebulo, anagubuduzika pansi, mmodzi wa iwo anakoka katani n'kugwa nayo pamodzi ndi chitsulo chake. Chitseko cha kukhonde chinatseguka ndi msana wa Hilary, awiriwo n'kugwera panja, pamaso pa azungu onse amene ankamwa tiyi. Dona wina anakuwa. Japhet anali pamwamba, akumenya osaona pomwe akumenya, magazi a pakamwa pake akudonthera pa suti yotuwa ija.

Anawalekanitsa ndi Bakari ndi mlonda. Bakari anamunyamula Japhet m'chiuno ngati thumba n'kukamuponya kukhitchini.

Dona Winta sanafunse kuti wayamba ndani. Analowa m'khitchini nkhope ili gwaa, n'kumuuza Japhet kuti avule malaya a hotela ndi lamba pomwepo, atenge katundu wake, asadzaonekenso pageti. Anawonjezera kuti iye ananena kale kuti ukalowetsa anthu awa m'nyumba zimatha chonchi. Japhet anavula malayawo, amene anali ofiira kutsogolo konse, n'kuwasiya pasinki. Bakari anamupatsa nsanza yonyowa kuti agwire pakamwa.

Pamene ankatuluka pageti ndi kasutikesi kake, galimoto ya Bulaketi inali itapita kale. Azungu atatuwo sanadikire aliyense. Lole ya esiteti inali yoti ibwerera mawa lake. Hilary ndi Modester anali kutsogolo, akutsetsereka wapansi kulowera ku pantoni, Hilary nsapato zili m'manja, diso limodzi litatupa. Njira inali imodzi, chifukwa Balaka ndi Ulongwe konse ndi kutsidya. Japhet anatsatira chapatali.

Pa pantoni panali lole ya thonje yopanda katundu, anthu a njinga, ndi amayi a madengu a nsomba zouma. Hilary anakakhala kutsogolo, pa chitsulo, kuyang'ana madzi. Japhet anaima kumbuyo. Amuna okoka chingwe atayamba nyimbo yawo, Modester anachoka pomwe anali n'kudzaima pafupi ndi mlongo wake. Sanapinde mawondo ulendo uno.

Anamuuza kuti kumapeto kwa Sepitembala akubwera ku Ulongwe ndi ana ake atatu. Japhet anati iyeyo ndi ana akhoza kubwera, ndi magazi ake, koma mwamunayo asadzayerekeze kuponda pamudzipo. Modester anati sakupempha. Malo aja anapatsidwa kwa mayi awo, osati kwa Japhet, ndipo malo a mayi ndi a mwana wamkazi. Mwamuna wake adzakhala pomwe iye akhale. Japhet anati ndiye akaitanitse mfumu ndi ankhoswe, iye akanena pamaso pa onse zimene munthuyo anachita, kuti anapha mwana wake ndi mayi ake.

Modester anadikira kuti mayi wina wa dengu adutse, kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Achimwene, chaka cha njala ndinatumiza thumba la chimanga. Ndinachita kuba m'nkhokwe ya mwamuna wanga, ndinapatsa dalaivala wa lole. Munalilandira pamsewu pa Ulongwe, munafunsa kuti lachokera kuti, munalikwezanso pa lole. Linabwerera kwa ine losamasula. Nthawi imeneyo Anastasia anali moyo."

Japhet anakanikiza nsanza ija pakamwa.

"Alamu anga a Bernadetta akudziwa zimenezi?" anafunsa Modester.

Bernadetta sankadziwa. Palibe amene ankadziwa kupatula Modester ndi dalaivala uja. Japhet anali atalibweza thumbalo m'mawa wina ali yekha pamsewu, n'kubwerera kunyumba kukanena kuti lole inalibe ganyu. Zaka zonsezi ankadziuza kuti thumba limodzi silikanasintha kanthu.

Modester anati iye sakufuna kukauza munthu. Mwamuna wake ndi woipa mtima, akumudziwa kuposa wina aliyense, wakhala naye zaka makumi awiri. Koma ngati nkhani ya imfa ya mwanayo ikakambidwe pabwalo, ikakambidwe yonse. Atatero anabwerera kutsogolo kukakhala pafupi ndi Hilary, ndipo mpaka pantoni inagunda tsidya lina sanatembenukenso.

Modester ndi Hilary anafika ku Ulongwe sabata yoyamba ya Okutobala, pa ngolo ya ng'ombe yobwereka, ndi mabedi awiri, mipando, makina osokera ndi nkhuku m'chitatanga. Anthu a pamudzipo anatuluka kudzaonerera. Ambiri ankadziwa kuti munthuyo ndi ndani, chifukwa pa Ulongwe panali mabanja enanso amene anachoka pa esiteti ija mofanana ndi Japhet. Palibe amene anathandiza kutsitsa katundu. Bernadetta ataona Hilary analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo anatulukamo dzuwa litapendeka.

Japhet sanaitanitse bwalo. Bernadetta anamufunsa kangapo kuti bwanji akulola chinthu chotere, iye n'kumangoti malo ndi a Modester, lamulo ndi lomwelo. Mkaziyo anamutcha wamantha, ndipo kwa masabata angapo ankamuikira chakudya pakhonde osakhala naye.

Tsiku lachiwiri chifikireni Modester ndi mwamuna wake, Japhet anatenga chikwanje n'kukawalozera polima. Anawapatsa chigawo cha kumtunda, cha miyala, kumalire ndi tchire. Modester anayang'ana malowo, anayang'ana mlongo wake, n'kunena kuti chaka chino alima pomwepo, chaka chamawa adzagawana bwino. Hilary anali pambuyo pawo, atavala kabudula wakhaki. Anatola dothi, analifikisa m'manja, n'kulitaya. Munthuyo anali asanagwire khasu zaka makumi awiri ndi zisanu. Pofika mvula yoyamba manja ake anali matuza okhaokha, ndipo anthu odutsa m'njira ankaima dala n'kumufunsa mokweza kuti kodi a kapitao, lero thangata mukugwirira ndani. Iye sankadzutsa mutu.

Mphunzitsi wa tchalitchi, Ambrose, anayesa kawiri kuwakhazika pansi Japhet ndi Hilary. Ulendo woyamba Hilary sanabwere. Ulendo wachiwiri anabwera onse, anakhala pa benchi limodzi, wina uku wina uko. Ambrose anayankhula nthawi yaitali za kukhululuka. Atamaliza anafunsa Hilary ngati ali ndi mawu. Hilary anati iye anachita zimene anatumidwa, ndipo akanakana akanachotsedwa ndi iyeyo. Anafunsa Japhet. Japhet anati alibe mawu. Ambrose anatseka buku lake n'kuwauza kuti azipita.

Atakolola, Japhet ananyamuka kupita ku Limbe. Mahotela a azungu anali atamva kale za iye, ndiye anapeza ntchito m'nyumba yodyera ya Mmwenye wina pafupi ndi siteshoni ya sitima, yoperekera tiyi ndi mpunga kwa madalaivala. Kumudzi ankabwera pa Khirisimasi pokha. Akatsala pang'ono kubwera ankalembera kalata Bernadetta kutchula tsiku, Bernadetta n'kutuma mawu kwa Modester. Tsikulo likafika Hilary ankanyamula mkeka ndi kampoto n'kupita kudimba kumtsinje, kumene anamangako kachisakasa, ndipo ankakhala komweko mpaka atamva kuti basi ya ku Limbe yanyamuka.